Pampu ya ku Lunzu yomwe inapsereza ma MOSFET atatu, kenako dayodi yanga

Kabokosi kolamula pampu yothirira kanafika pabenchi panga ku Ndirande sabata yoyamba ya Okutobala, katakulungidwa m'jumbo, kakununkha pulasitiki wopsa. Anakabweretsa ndi bambo wina wopuma pantchito yemwe amalima tomato, anyezi ndi repu kudimba kwake cha ku Lunzu. Anali ndi mphwawo, mnyamata wa chaka chachiwiri pa koleji ina ya ntchito zamanja mumzinda muno, atanyamula pampu m'thumba la feteleza. Wopanga kabokosiko anali mnyamatayo, koma olankhula anali amalume ake, iye ali chilili kumbuyo, maso pansi.

"Amisiri, kachipangizo aka kanayamba bwinobwino, miyezi itatu osavuta. Pano kangosanduka kotidyera ndalama. Kachitsulo kamiyendo itatu kaja kapsa katatu konse."

Mabokosi otere ayamba kutipeza pafupipafupi. Achinyamata akugula Arduino, kabolodi kolamula zipangizo potsatira pulogalamu, n'kumapangira abale awo zothirira, zoswera mazira ndi zotsegulira mageti, ndipo zikapsa zimathera kwa ife okonza mawailesi ndi ma inverter. Nkhaniyi ndailemba kaamba ka anzanga apantchito, komanso chifukwa pakati pake ine ndemwe ndinaphonya, ndipo kuphonya kwangako kunandiphunzitsa zambiri kuposa kwa mnyamatayo.

Kudimbako kuli chitsime chokumba pamanja, thanki ya malita 1,000 pansanja, ndi mizere itatu ya mapaipi odontheza madzi, mzere uliwonse ndi valavu yake ya solenoid. Pampu ndi ya 12V, ya mtundu wa diaphragm, yolembedwa 7A. Magetsi amachokera ku sola ndi batire la 100Ah. Wolamula zonse ndi Arduino Nano: float, swichi yoyandama pamadzi, ikatsika m'thanki amayatsa pampu, nthawi ikakwana amatsegula mavalavu umodzi umodzi. Mavalavu anali pa matiranzisita a TIP120, iliyonse ndi rezisita ya 1k ku base. Pampu inali pa MOSFET, kachitsulo kamiyendo itatu kaja koyatsa ndi kuzimitsa magetsi, ya IRFZ44N yokhala ndi kaheatsink kakang'ono ngati chikhadabo, gate yake, mwendo woilamula, italumikizidwa molunjika ku pini 9 ya Arduino. Kuchokera pabokosi kukafika pachitsime panali waya wa mamita 8.

Zinthu ziwiri zinachitika kale pampu isanayambe kuvuta, ndipo zonse anazinyalanyaza. Choyamba, poikira penipeni mu Juni, charge controller inkadula magetsi nthawi iliyonse pampu ikamadzuka, chifukwa mbali yake ya load ndi ya 10A. Mnyamatayo anangosamutsa mawaya n'kuwalumikiza kubatire ndi zopanira zija za mano ngati a ng'ona, popanda fyuzi. Apo controller inali ikuwauza kuti pampu yolembedwa 7A siidzuka ndi 7A. Chachiwiri, kabokosiko "kankaiwala", monga ankanenera amalumewo. Pampu ikati iyambe, sikirini inkathima kaye n'kuyambiranso, ndipo ndandanda ya mavalavu inkasokonekera. Mankhwala ake anali kuzimitsa n'kuyatsanso.

Usiku wina kumapeto kwa Seputembala pampu siinazime. Pomwe kunkacha thanki inali itasefukira n'kukokolola nazale ya anyezi yomwe inali m'munsi mwa nsanja, chitsime chitauma, batire likuwerenga 9.6V. Mnyamatayo anapeza MOSFET itachita shoti, anaika ina. Inakhala masiku awiri. Yachitatu siinathe n'komwe tsiku.

Zimene ndinapeza pabenchi

Mita inalira mbali zonse ziwiri pakati pa drain ndi source, miyendo iwiri ya MOSFET yomwe magetsi a pampu amadutsa. Umu ndi momwe MOSFET imafera nthawi zambiri: siiduka ngati fyuzi, imaphatikizana, ndipo ikatero katundu amangoyaka osazima ngakhale pulogalamu italamula chotani. Gate inali isanaphatikizane ndi drain, n'chifukwa chake pini 9 inapulumuka. Zikanakhala kuti inaphatikizana, 12V ikanalowa mu ATmega328P, chipu cha Nano, popanda ngakhale rezisita yoitchinga.

Dayodi ya flyback, yopatsa njira current ya koilo ikadulidwa, panalibe, papampu ngakhale pamavalavu. Nditafunsa, mnyamatayo anatulutsa foni n'kundionetsa datasheet. "Akulu, mkati mwake muli kale dayodi, si iyi yajambulidwayi?" Sanali kunama, ilimo, ndipo mu TIP120 ilimonso. Koma yayang'ana kolakwika pa ntchito imeneyi. Dayodi yamkatiyo imatsegula drain ikatsika pansi pa source. Pamene tikudula koilo yomwe mbali yake ina ili ku +12V, drain siitsika, imakwera. Current yomwe inali kuyenda mu koilo siingaime nthawi yomweyo, ndiye koiloyo imakweza voltage mpaka itapeza poboola. Lamulo lake ndi lija la V = L × di/dt: ukadula mofulumira, voltage imakwera kwambiri. Amalumewo ndinawafotokozera ndi mpopi. Mukautseka mwadzidzidzi madzi akuthamanga, paipi imagunda kuti thii m'khoma. Madziwo anali paulendo, mwawatsekera njira, ndiye amenya chimene chawatchinga. Anagwedeza mutu, nati zimenezo amazidziwa.

IRFZ44N ndi ya 55V. Voltage ikapyola pamenepo dayodi yamkati ija imaboola chambuyo, zomwe timati avalanche, ndipo mphamvu yonse yomwe inali mu koilo imasanduka kutentha mkati mwa MOSFET. Ndinafuna kuti mnyamatayo aone ndi maso. Ndinaika IRFZ44N yatsopano yomwe anali nayo m'thumba, pampu ndinaiviika paipi mu ndowa, n'kupinda paipi yotulukira ndi pulayasi kuti ilimbane ngati ikukweza madzi pansanja. Popanda kupinda inkangodya 3A, nditapinda inafika 6.5A. Pa oscilloscope, nthawi iliyonse ndikazimitsa, drain inkalumpha kuchoka pansi kukafika kupitirira 60V, nsonga yake ili yophwatalala ngati yodulidwa ndi mpeni. Kuphwatalalako ndiye avalanche. Amene mulibe oscilloscope musadalire mita yokha, siiona zinthu zachangu chotere. Tengani dayodi, anode ku drain, cathode ku kapasita ya 100nF yopirira 250V, mwendo wina wa kapasita ku negative, ndiye muyeze DC pa kapasitapo. Imasunga nsonga ija kwa kanthawi kokwanira kuti muwerenge.

Vuto lachiwiri linali pa chilembo chimodzi. IRFZ44N ndi IRLZ44N zimafanana thupi, miyendo ndi dzina, moti ogulitsa ambiri ukapempha ina amakupatsa inayo ndi mtima woyera. Ya F imalonjeza 17.5 milliohm gate ikapatsidwa 10V, ndipo pa 5V siilonjeza kanthu. Mnyamatayo anali atawerenga kuti threshold yake ndi 2V mpaka 4V n'kuganiza kuti 5V ndi yokwanira. Threshold ndi pomwe MOSFET yangoyamba kutsegula, ikudutsitsa 250 microamp chabe. Chitseko chongosuntha pang'ono n'chosiyana ndi chotsegula kuti ngolo ilowe. Ndinayeza 4.6V pa gate, ndipo pakati pa drain ndi source panali 0.7V pa 6.5A. Amenewo ndi mawati 4.5 pa kaheatsink ka chikhadabo. Chala sichinkakhalapo. Ya L ndiyo yopangidwira ma logic level: datasheet yake imalonjeza 0.025 ohm pa 5V, zomwe pa 7A zikupereka mawati 1.2.

Mnyamatayo anafunsa ngati sikukanakhala bwino kungoika TIP120 monga pamavalavu, poti ija siinapsepo. Ayi. TIP120 malire ake ndi 5A, ndipo pokhala Darlington imatha kudya mpaka 2V pa 3A. Tiranzisita wamba yamphamvu, kuti itsegule kotheratu pa 7A, imafuna current ya base ya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ndiye kuti 700mA, pomwe pini ya ATmega328P tiyenera kuisunga pa 20mA ndipo 40mA ndi malire osayenera kufikapo. Pamavalavu odya theka la amp TIP120 ndi yabwino, bola dayodi ikhalepo.

Chachitatu chinali chobisika pang'ono. Gate inalibe rezisita yoikokera pansi. Arduino akamayambiranso, mapini ake onse amakhala ma input, osakankha kapena kukoka. Gate ya MOSFET ili ngati kapasita kakang'ono, imasunga chimene yasiyidwa nacho n'kumataya pang'onopang'ono. Tsono phatikizani ndi "kuiwala" kuja. Pampu yadzuka, Arduino wagwa, gate yatsala ikulendewera pakatikati, MOSFET yotsegula mwatheka ikunyamula mota yomwe ikulimbana kuti izungulire. Palibe malo oipa kwa MOSFET kuposa amenewo.

Kukonza koyamba

Ndinatsikira ku Limbe kukagula ma IRLZ44N asanu pa shopu ina. Sindiika MOSFET pa ntchito ya munthu ndisanaiyese, poti zachinyengo zachuluka ndipo zilembo zake zimaoneka bwino kuposa zenizeni. Mayeso anga ndi babu la galimoto la 55W pa batire la 12V, lomwe limakoka pafupifupi 4.5A. Ndimapatsa gate 5V n'kuyeza pakati pa drain ndi source. Atatu anaonetsa 0.11V kapena 0.12V, zogwirizana ndi datasheet. Awiri anaonetsa kupitirira 0.4V. Amenewo ndinawaponya m'chitini cha zoyatsira ma LED.

Ndinaika yabwino imodzi pa heatsink yochotsa mu power supply yakale ya kompyuta, rezisita ya 220 ohm pakati pa pini 9 ndi gate, ya 10k kuchokera ku gate kupita ku source, fyuzi ya galimoto ya 15A pafupi ndi batire, ndi 1N4007 pa valavu iliyonse. Papampu ndinaikanso 1N4007. Dzanja linangopita lokha m'kabati momwe ndimasungira zoika pa ma relay. Maganizo anga anali akuti pampu imazima kangapo patsiku, dayodi imanyamula 7A kwa kamphindi kosakwana ndi kuphethira komwe, ndipo 1N4007, ngakhale ndi ya 1A, imapirira 30A yodutsa kamodzi mwachangu. Kuganiza kumeneku n'kolondola pa katundu wongoyatsa n'kuzimitsa.

Pabokosipo panali batani loyatsira pampu pamanja. Ndinalidina maulendo oposa 20, nsonga ya pa drain siinapyole 14V, heatsink inali yofunda chabe. Za kuiwala kuja ndinawauza kuti ndidzabwera ndidzaone mawaya kudimba. Analipira, ananyamuka.

Mawa lake masana foni inalira. "Amisiri, yazimanso. Koma ulendo uno siinapope usiku wonse ayi, yangoti zii."

Pomwe nkhani inatembenukira

Ndinakwera minibasi ya ku Lunzu, n'kumalizira ndi kabaza. Fyuzi inali itaduka. 1N4007 yanga inali yakuda, itang'ambika pakati, itachita shoti. Dayodi ya flyback ikachita shoti ndiye kuti drain yalumikizidwa molunjika ku +12V, ndipo MOSFET ikangotsegula batire lonse limagwera pa iyo. Fyuzi inafulumira, MOSFET inapulumuka. Pakanapanda fyuzi ija, batire la 100Ah likanasungunula mawaya m'kashedi kofolera ndi udzu.

Ndinaika dayodi ina ndi fyuzi ina kuti ndione. Ulendo uno batani sindinalikhudze, ndinauza mnyamatayo kuti akwere pansanja akankhire float pansi kuti bokosi liyatse lokha. Pampu inadzuka, koma kulira kwake kunali kwina. Pamwamba pa kugunda kwake kwa masiku onse panali kaphokoso kosalekeza kokhala ngati ka udzudzu waukulu. Ndinagwira dayodi, ndinachotsa chala msanga. Ndinatembenuza mita kupita pa Hz n'kugusa pini 9: 490.

"Iwe, pulogalamuyi unaisintha liti?"

"Mwezi watha, akulu. Chitsime chinatsika, pampu imayamwa mpweya. Ndiye ndinaichepetsa liwiro kuti izikoka pang'onopang'ono."

Anatsegula laputopu. Pamene panali digitalWrite panali patalowa analogWrite(9, 150). Batani la pamanja lokha ndi lomwe linatsala pa digitalWrite, ndipo ndi lomwe ine ndinayesera pabenchi. Anasintha masiku awiri MOSFET yoyamba isanafe. Sanandiuze chifukwa sankaona kugwirizana kwake, ndipo ine sindinamufunse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mzere umodzi umenewu unamasulira zonse, ndipo masamu ake ndi ofunika kuwatsatira. Pa Nano ndi Uno, analogWrite pa pini 9 siichepetsa voltage, imayatsa ndi kuzimitsa maulendo pafupifupi 490 pa sekondi, zomwe timati PWM. Nambala 150 mwa 255 ikutanthauza kuti pa ulendo uliwonse wa mamilisekondi awiri, MOSFET imakhala yotsegula 59 peresenti ya nthawiyo, yotseka 41 peresenti. Mota ya pampuyi ndinaiyeza ndi tester yanga, inductance yake (L) inali pafupifupi 0.8mH. Mphamvu yosungidwa mu koilo ndi theka la L × I × I, zomwe pa 7A zikupereka pafupifupi 0.02 joule. Imeneyi ndi yochepa. IRFZ44N inapangidwa kuti izipirira avalanche yotere ikabwera mwa apo ndi apo, ndipo n'chifukwa chake bokosi lopanda dayodi linayenda miyezi itatu likuzimitsa pampu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Koma 0.02 joule kuchulukitsa ndi 490 ndi mawati pafupifupi 10, kuwonjezera pa kutentha kuja kwa gate yosakhuta, pa kaheatsink ka chikhadabo, m'bokosi lotseka, dzuwa la kumapeto kwa Seputembala. Chodabwitsa n'chakuti yoyambayo inakwanitsa masiku awiri.

Dayodi yanga inaphedwa ndi masamu omwewo mbali inayo. Pa PWM dayodi ya flyback siidikira ngozi ya apo ndi apo, imagwira ntchito mofanana ndi MOSFET. Nthawi yonse yomwe MOSFET yatseka, current ya mota imazungulira kudzera mu dayodi. Ndipo musaganize kuti mukachepetsa liwiro current imatsika mofanana. Current ya mota ya DC imatsata kulemera kwa ntchito, ndipo pampu ya diaphragm yokweza madzi pansanja imalimbana pafupifupi chimodzimodzi kaya ikuthamanga kaya ikuyenda pang'onopang'ono. Pa 6A, 41 peresenti yake ndi 2.5A yodutsa mosalekeza mu kadayodi ka 1A. Onjezani kuti 1N4007 inapangidwira magetsi a 50Hz, imachedwa kutseka, moti nthawi iliyonse MOSFET ikatsegula pamakhala kamphindi komwe zonse ziwiri zikudutsitsa.

Zimene tinasankha

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amalumewo atatibweretsera thobwa, n'kuyala njira zomwe zinalipo. Yophweka inali kutaya MOSFET n'kuika relay ya galimoto ya 30A. Ikanagwira, ndipo pa ntchito yongoyatsa n'kuzimitsa sindiinyoza. Koma makontaki ake amapsa pang'onopang'ono ndi current yodzutsira mota, ndipo singadzutse pampu mofatsa. Waya wa motayi ndi wa pafupifupi 0.4 ohm, choncho isanayambe kuzungulira imatha kukoka mpaka 30A. Batire lomwe linali litavulala kale usiku uja silinkafunika kumenyedwa chotero.

Funso lalikulu linali lakuti kodi pampuyi ikufunikadi kuyenda pang'onopang'ono. Vuto la chitsime silinali liwiro la pampu koma kuti m'chilimwe madzi amabwerera mochedwa. Tinayeza ndi chingwe chomangirira mwala: pampu inkatsitsa madzi kufika pa foot valve m'mphindi 6, ndipo ankabwerera m'mphindi pafupifupi 20. Ndiye tinagwirizana kuti izipopa mphindi 5 pa liwiro lonse, ipume mphindi 20, ibwereze mpaka thanki itadzaza. PWM tinaisiya pa kudzutsa pokha: masekondi awiri okwera pang'onopang'ono, kenako pini ikhale HIGH. Kutentha kumachepa, phokoso la magetsi limachepa.

Ngakhale zinali choncho, dayodi ndinaisankha ngati kuti PWM izigwira tsiku lonse, chifukwa laputopu ili ndi mnyamatayo ndipo sindingadziwe chomwe adzasinthe mwezi wamawa. Ndinaika MBR20100CT, Schottky ya 100V yokhala ndi madayodi awiri a 10A m'thupi limodzi, ma anode onse ku drain, mwendo wapakati ku +12V. Apa pali msampha womwe ndaona ukugwira anthu. Chitsulo chakumbuyo kwa IRLZ44N ndi drain, pomwe chakumbuyo kwa MBR20100CT ndi cathode, yomwe ili ku +12V. Mukazimangirira pa heatsink imodzi popanda mica ndi kawasha kotchinga bawuti, mwadumphitsa pampu ndipo mwapanga shoti yomweyo yomwe inadula fyuzi yanga. Ine ndinapatsa chilichonse heatsink yake, motalikirana.

Pa malo oika dayodi tinatsutsanapo. Kusukulu mnyamatayo anaphunzitsidwa kuti dayodi izikhala pa koilo penipeni, ndipo pa relay yomwe ili pa bolodi lomwelo zimenezo n'zoona. Kuno pali mamita 8 a waya kupita ndi ena 8 kubwerera, ndipo waya nayenso ali ndi inductance yake, pafupifupi microhenry imodzi pa mita. Dayodi ikakhala kuchitsime, imateteza ku koilo ya mota koma inductance ya waya imatsala ikumenya drain. Ikakhala pabolodi, pafupi ndi MOSFET, imagwira zonse ziwiri. Ndinaiika pabolodi, miyendo yaifupi, ndi kapasita ya 2,200µF ya 35V ndi ina ya 100nF pakati pa +12V ndi source pompo, kuti waya wochokera kubatire nawonso upeze potayira. Pamota penipeni ndinangoikapo 100nF ya ceramic yochepetsa phokoso la mabulashi. Mawaya awiri opita kuchitsime tinawapota pamodzi.

Za gate driver, kachipu kothandiza pini kukankha gate, ena adzafunsa. Pa 490Hz siifunika. Gate ya IRLZ44N imafuna pafupifupi 48nC, ndipo kudzera mu 220 ohm imadzaza m'ma microsekondi ochepa, pomwe ulendo umodzi wa PWM ndi oposa 2,000. Mukakweza kufika 20kHz kuti mota isalire, ulendo umodzi umatsala ma microsekondi 50, ndipo apo pini ya Arduino yokha ndi yofooka. Pamafunika chinthu ngati TC4420.

Kuiwala kuja kunapezeka msanga nditangoona mawaya. Bokosi lonse linkadya kudzera pa waya umodzi wa 1.5mm², mamita atatu kuchokera kubatire, ndipo Nano ankatenga Vin ndi GND kumapeto kwake, pamalo pomwe pampu inkatengera. Waya wotere ndi pafupifupi 12 milliohm pa mita. Kupita ndi kubwerera ndi mamita 6, ndiye pa 30A yodzutsira pankatayika 2V, osawerengera zopanira zomwe zinali zitachita dzimbiri loyera ndi kugwa kwa batire lenilenilo. Regulator ya Nano imafuna pafupifupi 7V kuti itulutse 5V yokhazikika. Tinataya zopanira n'kuika ma terminal omanga ndi bawuti, pampu tinaipatsa waya wake wa 4mm², ndipo Arduino tinamukokera mawaya akeake kudzera pa fyuzi ya 1A, dayodi ya Schottky, kapasita ya 1,000µF ndi module ya LM2596 yochunidwa pa 5V. Dayodiyo imaletsa kapasita kubwezera magetsi kupampu batire likagwa. GND ya Arduino imakumana ndi negative ya mphamvu pamalo amodzi okha, pa source ya MOSFET, kuti current ya pampu isadutse m'njira yomwe gate imayezerapo voltage yake.

Chomaliza chinali cha amalumewo, osati changa. Anafunsa funso lomwe ine ndinayenera kuyamba kudzifunsa. "Nanga kachitsulo kameneka kakadzafanso, nazale yanga ikokolokenso?" Popeza MOSFET imafa yotsegula, pulogalamu singathandize pamenepo. Tinaika float yachiwiri pamwamba pa yoyamba, yosadutsa mwa Arduino, yoyatsa koilo ya relay ya galimoto ya miyendo isanu. Positive ya pampu imadutsa pa 30 ndi 87a, omwe amakhala ogundana relay ikakhala chete. Madzi akapyola malire, float imapereka magetsi pa 86 ndi 85, relay imadula pampu, ndipo kabuzzer komwe tinalumikiza pambali pa koilo kamalira. Pa koilo ya relay imeneyo ndi pomwe 1N4007 inapeza malo ake oyenera. Choipa cha njirayi n'chakuti waya wa float yachiwiri ukaduka palibe angadziwe, ndiye ndinawapempha kuti Loweruka lililonse aziikweza ndi ndodo amve ngati buzzer ikulira. Njira inayo, yoti koilo izikhala yoyaka nthawi zonse, ikanadya ma amp-hour atatu kapena anayi patsiku pachabe.

Mu pulogalamu tinaonjeza kuwerenga batire pa A0 kudzera pa marezisita a 30k ndi 10k, kuti pampu isadzuke likatsika pansi pa 11.8V, popeza chitetezo cha charge controller chinali chitadumphidwa. Tinaonjezanso watchdog, yomwe imayambitsanso Arduino pulogalamu ikakakamira. Chenjerani ndi ma Nano okhala ndi bootloader, kapulogalamu koyamba kuyenda Nano ikayaka, yakale: watchdog ikangomenya amatha kugwa n'kumayambiranso kosalekeza mpaka mutachotsa magetsi. Wathuyu anali wotero, tinachita kumuika bootloader ina ya Optiboot.

Zotsatira

Tisanatseke bokosi ndinauza mnyamatayo kuti abwezeretse analogWrite(9, 150) kwa mphindi 30, dala, masana dzuwa likuswa mtengo. Nsonga ya pa drain siinafike 16V. Heatsink ya MOSFET inali yofunda, ya dayodi yotentherapo pang'ono koma chala chinkakhalapo. Tinadzutsa pampu maulendo 30 motsatizana, sikirini siinaphethire ngakhale kamodzi.

Bokosilo linayenda Okutobala yense ndi Novembala mpaka mvula inayamba, osasinthamo kanthu. Batire lokha silinachire. Kutsika kufika 9.6V kuja kunalipweteka, linkadzaza msanga n'kutha msanga, moti chitetezo cha 11.8V chinkaletsa pampu m'mawa uliwonse mpaka dzuwa litakwera. Amalumewo anagula lina atagulitsa tomato woyamba. Buzzer inalirapo kamodzi pakati pa sabata, ndipo atakwera pansanja anapeza float yoyamba itakodwa ndi ndere, MOSFET ili bwinobwino.

Mnyamatayo anabweranso mu Januwale ndi pepala lojambula. Akufuna kusintha Nano aike ESP32 kuti amalume ake aziona thanki pafoni ali kunyumba. Pojambulapo anali atalumikiza gate ya IRLZ44N ku pini ya ESP32 kudzera pa 220 ohm yomwe ija. Ndinamufunsa kuti pini imeneyo imatulutsa mavolti angati. Anati 3.3. Ndinamupatsa foni yake yomwe kuti apeze pa datasheet mzere wa Rds(on), ma ohm a MOSFET ikatsegula, wa 3.3V. Anafufuza, anapeza wa 10V, wa 5V ndi wa 4V, kenako anatenga pensulo n'kuyamba kujambula TC4420 pakati pa pini ndi gate.